Wamaliza wachiwiri koma amulemba wa 14: ndani ali ndi mawu pa matayala?

Mdala46
Anzanga amene mumatsatira MotoGP, mpikisano waukulu wa njinga zamoto wa dziko lonse, ndithandizeni kumvetsa. Mpikisano wa ku Qatar wa mu April 2025 ukundiwawabe mpaka lero. Maverick Viñales anathamanga mochititsa kaso pa njinga ya KTM, anatsogolera kwa kanthawi, anamaliza wachiwiri pambuyo pa Marc Márquez, mpaka anakwera pansanja. Kenako akuluakulu ena amene njinga sanaikhudze n'komwe tsikulo akuti tayala lake lakutsogolo linali ndi mpweya wochepa. Amuonjezera masekondi 16, wagwera pa nambala 14. Tayala silinaphulike, iye sanagwe, sanagwetsenso munthu. Ndiye chitetezo akunenacho ndi chiti? Woyenera kudziwa mpweya wa m'tayala si wokwera njingayo ndi amakaniko ake?

KabazaWaMtunthama
Anamubera basi. Palibenso zokambirana apa.

Makaniko_paBoma
Achimwene a ku Mtunthama, dikirani kaye. Lamulo lija silinabwere usiku umenewo, aliyense ankalidziwa asananyamuke. Kuyambira 2024, tayala lakutsogolo liyenera kukhala ndi mpweya wosachepera 1.8 bar, imene ndi pafupifupi 26 psi kwa ife amene timapopera pa filling station. Sakunenanso kuti likhale choncho mpikisano wonse ayi. Akufuna ma lap (maulendo ozungulira bwalo) 60 pa 100 alionse pa mpikisano waukulu wa Lamlungu, ndi 30 pa 100 pa waufupi wa Loweruka. Ukalephera, Lamlungu ndi masekondi 16, Loweruka ndi 8. Mu gudumu lililonse muli kachipangizo koyeza mpweya, ndipo manambala ake amapita kwa oyang'anira. Palibe amene amachita kufinya tayala ndi chala.

Chifukwa chimene matimu amakondera mpweya wochepa n'chodziwika. Tayala likafewa pang'ono, gawo lokhudza msewu limakula, njinga imagwira bwino pokhota komanso pomanga mabuleki. Vuto ndi loti tayala lofewa limapindikapindika m'mbali, limatentha mkati, ndipo mphira ukhoza kusiyana ndi nsalu zake. Njinga zimenezi zimapitirira 350 km pa ola. Tayala lakutsogolo likasweka pa liwiro limenelo palibe chimene wokwera angachite.

Mdala46
Koma silinasweke, amakaniko.

Makaniko_paBoma
Ndiye mukufuna azidikira lisweke kaye ndiye apereke chilango? Achipereka kwa ndani, munthu ali kuchipatala?

Nangozo_K
Ine ndikufuna tiyambe tasiyanitsa anthu, chifukwa mukungoti "akuluakulu" ngati ndi munthu mmodzi. Pali magulu angapo. Pali Race Direction, amene amayendetsa mpikisano: amalamula kuyamba, kuimitsa ndi mbendera yofiira, kuchepetsa ma lap. M'menemo mumakhala woimira FIM, bungwe la dziko lonse loona za njinga zamoto, ndipo iyeyo ndiye mkulu woona za chitetezo. Pali mkulu woona za zipangizo, amene amayang'ana ngati njinga ikutsatira malamulo. Ndiye pali ma steward, amene amapereka zilango. Malamulo eniake amapangidwa kwina, ku komiti imene mumakhala FIM, Dorna (kampani imene imagulitsa mpikisanowu ku ma TV), bungwe la matimu ndi bungwe la makampani opanga njinga.

Nambala ya 1.8 ija sinachokere kwa mkulu wa chitetezo. Imachokera kwa Michelin, amene akupereka matayala onse a MotoGP kuyambira 2016. Oyang'anira amangoigwiritsa ntchito. Ndipo a Mdala46, mwati sanakwereko njinga? Franco Uncini, amene anakhala mkulu wa chitetezo mpaka 2022, anali katswiri wa dziko lonse wa 500cc, gulu lalikulu la nthawi imeneyo, mu 1982. Chaka chotsatira ku Assen, ku Netherlands, anagwa n'kugundidwa ndi njinga ya Wayne Gardner, anakomoka masiku angapo. Loris Capirossi, amene amakhala mu Race Direction, anawinapo ukatswiri wa dziko lonse katatu m'magulu aang'ono. Simon Crafar amene akutsogolera ma steward kuyambira 2025 anawinapo mpikisano wa 500cc. Amenewa tala anaigwerapo ndi matupi awo.

Dzombe
Achemwali mwafika ndi buku lonse kkkk

Nangozo_K
Buku lake liti? Ndimaonera basi, ndipo sindimaonera ndi mowa m'manja ngati ena.

Chinkhoma_Boy
Mawu a Nangozo andipatsa funso lina. Ngati nambala ikuchokera kwa wopanga matayala, ndiye akuteteza wokwera kapena akuteteza dzina la kampani yake? Tayala likaphulika dziko lonse likuonera pa TV, amene achite manyazi ndi wopanga. Ndiye iye aika malire okwera kuti asadzanyozeke, oyang'anira angovomera chifukwa iwo alibe fakitale yoti ayesere okha. Kumeneko si kusiya fisi alondere mbuzi?

Makaniko_paBoma
Funso limenelo ndi labwino ndipo okwera njinga enieniwo analifunsa. Mu 2023 malire anali 1.88 bar, okwera anadandaula kwambiri, ndipo mu 2024 anatsitsidwa kufika 1.8, ngakhale kuti ma lap ofunika anakwezedwa kuchoka pa theka kufika 60 pa 100. Ndiye sikuti wopanga akanena zathera pomwepo.

Dandaulo lawo linali loti mpweya wochuluka nawonso ndi woopsa. Ukakhala kumbuyo kwa njinga ina, tayala lako lakutsogolo silipeza mphepo yozizira, limalandira kutentha kwa mnzakoyo. Likatentha mpweya umakwera. Ukapitirira 2 bar, gawo lokhudza msewu limachepa, njinga imayamba kukana kuima, ndipo ambiri amagwa chifukwa tayala lakutsogolo laterereka. Njinga za masiku ano zili ndi timapiko tija, timakanikiza kutsogolo kwambiri, ndiye kutentha kumachita kunyanya. Amakaniko amayenera kulosera mpikisano usanayambe: kodi munthu wathu akhala m'gulu kapena akhala yekha kutsogolo? Akaganiza kuti akhala m'gulu amayamba ndi mpweya wochepa podziwa kuti ukwera wokha. Za Viñales zinali zimenezo. Timu yake inkayembekeza kuti akhala pakati pa anzake, iye n'kupezeka ali kutsogolo, mphepo ya usiku ikuziziritsa tayala, mpweya osakwera.

Mdala46
Ndiye mwandivomereza! Anamulanga chifukwa anathamanga bwino kuposa mmene timu yake inkaganizira. Lamulo lotani lolanga munthu chifukwa chotsogola?

MphunzitsiWopuma
A Mdala46 pamenepo muli ndi mfundo, ndipo ine ndionjezerapo. Ku Thailand, mpikisano woyamba wa 2025, Marc Márquez anali kutsogolo bwinobwino, kenako anachepetsa liwiro dala n'kulola mng'ono wake Álex kuti adutse. Tonse tinkaganiza kuti njinga yavuta. Ayi, ankafuna kukhala kumbuyo kwa mnzake kuti tayala litenthe mpweya ukwere. Ataona kuti ma lap akwana anamudutsanso n'kuwina. Tsono lamulo limene likuchititsa munthu kuchepetsa liwiro mwadzidzidzi pakati pa mpikisano, uku akuwerenga manambala pa dashboard m'malo moyang'ana msewu, lingatchedwe la chitetezo ndi mtima wonse? Ine ndimakayika. Sindikunena kuti malire asakhalepo. Ndikunena kuti njira yoyezera ndi yolakwika. Akanayeza mpweya pa mzere woyambira, onse n'kuyamba mofanana, zotsalazo n'kusiyira mpikisano.

Nangozo_K
Aphunzitsi, kuyeza poyambira kuli ndi vuto lake. Matayala amakhala atakutidwa ndi zofunda zamagetsi zotenthetsera mpaka nthawi yonyamuka. Timu yochenjera ingotenthetsa tayala kwambiri kuti nambala ioneke yokwera poyeza, ikangonyamuka mpweya n'kutsika. Chimene chimaswa tayala ndi mpweya umene lili nawo likuthamanga, osati litaima.

MphunzitsiWopuma
Ayeze ndi kutentha komwe nthawi imodzi. Anthu amene akutha kuwerenga mpweya wa njinga yothamanga 300 sangalephere zimenezo.

Dzombe
Ine mpikisano wa Thailand sindinauone, magetsi anathima m'mawa womwewo. Pa video show pathu jenereta ilipo koma mwini wake sayatsira njinga, amati mafuta ndi a mpira basi.

KabazaWaMtunthama
Akunena zoona. Ukayatsa njinga pabwera anthu asanu, ukayatsa Bullets ndi Wanderers mpaka ena amaonera pawindo.

Chinkhoma_Boy
Musayambe za mpira muno chonde, tidzatha sabata.

Gogo_wa_Santhe
Ana inu mukukangana za mpweya, koma nkhani ya oyang'anira ndi matayala inaonekera bwino ku Phillip Island, ku Australia, mu 2013. Nthawi imeneyo matayala anali a Bridgestone. Bwalolo anali atangothira tala watsopano, wogwira kwambiri, ndipo kumeneko njinga zimakhotera kumanzere pa liwiro lalikulu nthawi yaitali. Poyeserera anapeza kuti matayala akumbuyo akutentha mpaka mphira kumachoka zidutswazidutswa. Kampani inanena poyera kuti singatsimikize kuti tayala lipirira mpikisano wonse.

Race Direction ikanatha kuchita zitatu: kuimitsa mpikisano, kuusiya momwemo aliyense adzionere yekha, kapena kuusintha. Anasankha kuusintha. Ma lap anachoka pa 27 kufika 19, ndipo analamula kuti aliyense alowe asinthe njinga pakati, pasapezeke woyenda ma lap opitirira 10 pa tayala limodzi. Márquez, amene chinali chaka chake choyamba mu MotoGP ndipo ankatsogola pa mapointi, timu yake inawerenga molakwika, anazungulira kamodzi koonjezera. Anamuonetsa mbendera yakuda, kutanthauza kuti watuluka mu mpikisano. Jorge Lorenzo anawina, ndipo ukatswiri unakathera ku Valencia, ku Spain, komwe Márquez anautenga ndi mapointi anayi okha.

Tsono a Mdala46, mnyamatayo nayenso sanagwe. Mungati anamubera? Ine ndimati ayi. Akanamusiya, mpikisano wotsatira aliyense akanaonjezera lap imodzi, wina ziwiri, mpaka wina tayala kumuphulikira. Wothamanga pa mpikisano ukamuuza kuti pali mwayi wopeza theka la sekondi koma pali ngozi, amatenga theka la sekondilo. Ndi mmene analengedwera, n'chifukwa chake ali pamenepo ife tili pano.

Mdala46
Agogo, za 2013 ndikuvomera chifukwa mphira unkaoneka ndi maso kuti ukuchoka. Za mpweyazi palibe amene waonapo tayala lakutsogolo likusweka.

Makaniko_paBoma
Lakutsogolo mwina ayi, koma lakumbuyo tinaliona. Chaka chimene Michelin inabwerera, 2016, pa zoyeserera za ku Sepang ku Malaysia, tayala la Loris Baz linaphulika pamalo owongoka ali pa liwiro loyandikira 290 km pa ola. Njinga inaphwanyika, iye anadzuka n'kuyenda, mwayi chabe. Zitatero Michelin inakweza malire a mpweya. Patangopita miyezi iwiri ku Argentina, tayala lakumbuyo la Scott Redding linasupuka Loweruka poyeserera, chidutswa chinamumenya kumsana. Kampani inafuna kubweretsa tayala lina lolimba, koma Lamlungu m'mawa kunagwa mvula ndiye panalibe mpata woliyesa pouma. Oyang'anira anachita zomwe zija za ku Australia: ma lap 20 m'malo mwa 25, ndi kusintha njinga mokakamiza pakati. Munthu amene anaona zinthu ziwiri zimenezi chaka chimodzi sangamvere timu ikamati tisiyeni tipope mmene tikufunira.

Nachisale
Ine sinditsatira kwambiri mipikisanoyi, amene amaonera ndi bambo a kunyumba, koma ndimagwira ntchito yosamalira odwala ndipo ovulala pa njinga ndimawaona. Chimene mukuiwala pa mkangano wanuwu ndi woti ngozi si ya wokwera yekha. Mukuti wokwera asankhe yekha chifukwa moyo ndi wake. Nanga amene ali kumbuyo kwake? Tayala likasweka njinga imatsala pakati pa msewu, anthu makumi awiri akubwera. Amene wasankha mpweya ndi mmodzi, ovulala akhoza kukhala atatu amene sanafunsidwe.

Ndi zomwe timaona kuno. Wakabaza akanyamula mayi ndi mwana pa tayala lotha, mayiyo sanayang'ane tayala, anangokwera.

KabazaWaMtunthama
Amayi, mwayamba kutilowa ife tsopano. Mukudziwa mtengo wa tayala latsopano panopa? Njinga si yanga, madzulo alionse ndiyenera kupereka ndalama kwa bwana. Ndikamuuza kuti tayala latha amati liyendebe mwezi uno. Ndikakana, mawa njinga apatsa wina, anyamata ofuna ntchito ali mbwee pa siteji. Mukufuna ndidye chiyani?

Nachisale
Sindikukunyozani achimwene. Ndipotu mwanena nokha chimene ndimafuna kunena. Inu simungakane chifukwa mukakana wina atenga malo anu. Wa MotoGP nayenso sangakane mpweya wochepa ngati mnzake akuugwiritsa ntchito n'kumamusiya. N'chifukwa chake pamafunika munthu wapadera, amene sakupikisana nawo, woti anene kuti apa pokha ayi, kwa onse nthawi imodzi.

KabazaWaMtunthama
Kwathu kuno munthu wapaderayo amayang'ana mapepala ndi chipewa. Tayala sanandifunsepo.

Chinkhoma_Boy
Komanso kunena zoona ife timachepetsa mpweya dala. Nyengo ya mvula njira za kumidzi kuno, ukapopa kwambiri njinga imavina pamatope. Umatulutsako pang'ono kuti igwire. Vuto ndi loti ukafika pa M1 suimanso kuti upope, umangopitirira ndi matumba awiri a soya kumbuyo mpaka pa boma.

Makaniko_paBoma
Ndipo machubu amene ndimamata ambiri ndi a zimenezo. Tayala lofewa, katundu wolemera, tala wotentha wa mu October. Ukagunda dzenje chubu chimapanidwa ndi limu, chimabooka malo awiri. Nthawi zina tayala limazungulira pa limu n'kudula valavu. Langizo langa kwa akabaza muli muno: yezani mpweya m'mawa tayala lisanatenthe, ndipo muziyeza ndi geji, osati kuponda ndi phazi. Mukanyamula katundu onjezerani kumbuyo monga mmene buku la njinga likunenera. Pogula tayala yang'anani manambala anayi ali m'mbali: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala likhoza kuoneka latsopano koma litakhala zaka zambiri m'sitolo, mphira utauma.

Dzombe
Amakaniko ayamba kutsatsa malonda kkkk. Tibwerere ku mipikisano.

Phiri_wa_Nkhamenya
Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Mukuyankhula ngati oyang'anira amasankhira anthu matayala nthawi zonse, pamene nthawi zambiri salowererapo. Kampani imabweretsa mitundu ingapo, lofewa, lapakati, lolimba, ndipo wokwera ndi timu yake amasankha okha. Pa nkhani ya mvula ndiye ufulu ndi waukulu kwambiri. Kale mvula ikayamba pakati pa mpikisano ankaimitsa n'kuyambiranso. Kuyambira 2005 anabweretsa lamulo loti akakweza mbendera yoyera, aliyense ali ndi ufulu wolowa kukasintha njinga, kutenga ya matayala a mizere, a mvula. Mbenderayo sikakamiza munthu. Imangotsegula chitseko.

Kumbukirani Austria 2021. Mvula inayamba kutatsala ma lap ochepa, otsogola onse analowa kukasintha, Brad Binder wa ku South Africa anapitirira ndi matayala osalala a pouma. Lap yomaliza njinga inkachita kukana kuima, mabuleki a carbon atazizira, matayala atazizira, iye akungoterereka. Anawina. Palibe woyang'anira amene anamuletsa, ndipo kunena zoona zimene anachitazo zinali zoopsa kuposa mpweya wa Viñales.

Mdala46
Eyaa! Apa ndiye mwandithandiza a Phiri. Kuyenda ndi tayala losalala pamvula akulola, koma mpweya wochepa pang'ono akulanga. Zikugwirizana bwanji?

Nangozo_K
Zikugwirizana chonchi. Binder ankamva yekha mmene njinga ikutererekera, ndipo ankatha kuchepetsa liwiro mogwirizana ndi zimene akumva. Anachepetsadi, ma lap omalizawo anayenda pang'onopang'ono kwambiri. Ngozi imeneyo ili m'manja mwake, amaiona ikubwera. Koma nsalu za mkati mwa tayala zikamatopa, wokwera samva chilichonse, mwinanso njinga imakhala ikuyenda bwino kuposa kale, mpaka nthawi imene lasweka. Pamene wokwera angathe kuweruza ndi thupi lake amamusiya. Pamene sangathe kuona, ndi pamene ena amalowererapo. Ine ndimaona kuti mzere anaudula pamenepo, ndipo ndi pabwino.

MphunzitsiWopuma
Mwayankha mwanzeru mayi, koma mzerewo suwongoka nthawi zonse. Pali nthawi zimene chisankho cha matayala chimasokonezedwa ndi oyang'anira omwewo. Ku Argentina mu 2018 msewu unali ukuuma, Jack Miller yekha ndiye analimba mtima kukhala pa mzere woyambira ndi matayala a pouma. Ena onse ataona kuti alakwitsa anatuluka kukasintha. Malinga ndi malamulo onsewo akanayambira kumbuyo, koma chifukwa anali ambiri, oyang'anira anachedwetsa mpikisano ponena za chitetezo, n'kungomupatsa Miller mpata wa mizere yochepa kutsogolo. Mwayi umene anaupeza ndi nzeru zake unachepa. Ku Austin, ku America, mu 2025 zinachitikanso: Márquez anathawa pa mzere woyambira kuthamangira njinga ina kutatsala mphindi zochepa, ena n'kumutsatira, chipwirikiti. Anaimitsa zonse, ndipo amene anali atasankha kale matayala oyenera anataya mwayi wawo. Ndikumvetsa kuti anthu khumi kuthamanga wapansi pakati pa njinga ndi ngozi. Koma mawu oti chitetezo akamapulumutsa olakwitsa n'kupweteka olondola, anthu amayamba kuwakayikira.

Phiri_wa_Nkhamenya
Za Miller zija zinandipweteka inenso. Munthu anakhala yekhayekha pa mzere, ena onse kulibe.

Gogo_wa_Santhe
Aphunzitsi mukunena zoona, koma taganizani mutakhala inu pampando umenewo, mphindi zitatu, njinga zili paliponse, amakaniko akuthamanga. Mulola ziyambe? Chilungamo mukhoza kuchikonza mawa posintha lamulo. Mwendo wa munthu simungaukonze mawa.

Ndipo musaiwale kuti okwerawo ali ndi pakamwa. Lachisanu lililonse la mpikisano madzulo amakumana ndi oyang'anira mu Safety Commission. Inayamba mu 2003 Daijiro Kato atamwalira pa ngozi ya ku Suzuka, ku Japan, ndipo kuchokera chaka chimenecho MotoGP sinabwererenso ku Suzuka. M'menemo amakambirana za makoma, za tala, za matayala. Ku Silverstone, ku England, mu 2018 tala watsopano sankachotsa madzi, panali zithaphwi moti ngakhale matayala a mvula ankangoyandama. Loweruka anthu angapo anagwa pakona imodzi, Tito Rabat anagundidwa ndi njinga ya mnzake n'kuthyoka mwendo. Lamlungu anadikira maola ambiri, pomaliza okwera ambiri ananena kuti sizingatheke, mpikisano unalephereka anthu atalipira kale matikiti. Pamenepo panalibe tayala limene likanathandiza, ndipo oyang'anira anamvera okwera.

Chinkhoma_Boy
Anamvera patapita maola angati? Anthu anakhala pamvula tsiku lonse chifukwa a ndalama sankafuna kuimitsa. Musaiwale kuti mu Race Direction muli woimira kampani imene imagulitsa mpikisanowo ku ma TV. Ine chikhulupiriro changa chonse sindingachiike pamenepo.

Nangozo_K
Ku Australia mu 2023 anasuntha mpikisano waukulu kuuika Loweruka chifukwa ankayembekeza mphepo yamkuntho Lamlungu, ndipo Lamlungulo mpikisano waufupi anauimitsiratu. Zimenezo zinasokoneza ma TV onse. Akanakhala a ndalama okha sakanatero.

Chinkhoma_Boy
Kapena anasuntha kuti ndalama za mpikisano waukulu zisatayike. Zimatengera mukuonera mbali iti, achemwali.

Dzombe
Inu nonse mukanakhala ma steward bwenzi mpikisano umodzi ukutha Lachitatu.

Mdala46
Chabwino, kuti malire akhalepo ndamva. Koma chilango chija chisamabwere munthu atakwera kale pansanja, atathira kale shampeni. Ngati manambala akuwaona mpikisano uli mkati, amuuze pomwepo, alowe kapena achepetse, ife oonera tidziwe. Di Giannantonio ku Valencia mu 2023 anamulanda nsanja mpikisano utatha. Márquez ku Assen mu 2024 anamaliza wachinayi n'kupezeka wa 10. Munthu umagona ukudziwa zotsatira zina, m'mawa pa Facebook n'kupeza zina. Ndipo ngati tayalalo linalidi loopsa, bwanji anamusiya amalize nalo mpikisano wonse?

Makaniko_paBoma
Funso lomalizalo ndilibe nalo yankho lokhutiritsa. Chimene ndinganene n'choti lamulo limawerenga ma lap a mpikisano wonse, ndiye sungadziwe kuti munthu walephera mpaka ma lap otsala atachepa moti sangakwanitsenso. Akatha amayenera kutsimikiza kaye kuti kachipangizo kankayeza bwino komanso kuti gudumu silinkatulutsa mpweya chifukwa chowonongeka. Wokwerayo chenjezo amaliona pa dashboard, n'chifukwa chake Márquez anachita zija ku Thailand. Amene sitidziwa ndi ife oonera.

MphunzitsiWopuma
Ndiye azitionetsa pa TV monga amaonetsera nthawi ya lap. Zachinsinsi ndi zimene zimabweretsa mawu oti anamubera.

Phiri_wa_Nkhamenya
Zonsezi mwina zisintha posachedwa. Kuyambira 2027 matayala a MotoGP azipereka ndi Pirelli, amene akupereka kale ku magulu aang'ono a Moto2 ndi Moto3 kuyambira 2024, ndipo injini zitsika kuchoka pa 1000cc kufika 850cc, timapiko tichepetsedwa, zipangizo zotsitsira njinga zichotsedwa. Tayala lakutsogolo likapepukidwa katundu, nkhani ya mpweya ikhoza kuzizira yokha.

Chinkhoma_Boy
Pirelli nayenso ku mpikisano wina wa njinga wotchedwa Superbike pa Phillip Island mu 2024 anachititsa kuti anthu alowe mokakamiza kukasintha matayala. Kusintha dzina la kampani sikusintha bwalo lija.

KabazaWaMtunthama
Amakaniko, geji mwanenayo imapezeka pa boma kapena mpaka ku Lilongwe? Ndipo musandiuze mtengo wa alendo.

Makaniko_paBoma
Masitolo a zipangizo za njinga pafupi ndi depoti amakhala nazo. Tengani ya wotchi, zija zonga cholembera zimanama zikakalamba. Mukabwera Loweruka m'mawa ndikuonetsani kawerengedwe kake, koma mubwere tayala lisanatenthe, osati mutazungulira kale Mtunthama yense.